Malamulo Oyamba pa 1 Januwale: Mmene Ndimawafufuzira Chaka Chisanathe

Ofesi yanga ndi kachipinda kamene kali kuseri kwa sitolo ya zitenje ku Kamwala, mu Lusaka. Muli tebulo limodzi, mipando itatu, kompyuta ndi kabati ya mafayilo. Kuyambira mu 2011 ndakhala ndikulembera mabuku a ndalama amalonda ang'onoang'ono, monga ogulitsa nsalu, a magolosale a ku Chawama ndi ku Kanyama, amayi a masaluni, ndiponso bambo wina wowotcherera mageti ku Kalingalinga. Chaka chilichonse Okutobala akamafika, dzuwa likuswa mtengo, anthu amenewa amayamba kulowa m'modzim'modzi atagwira foni kumanja. Funso limakhala limodzi lomwelo: "Amayi, ndaona pa WhatsApp kuti Januwale kukubwera lamulo latsopano. N'zoona?"

Sindiyankha kuti inde kapena ayi. Ndimawafunsa kuti andionetse pepala la lamulolo ndi tsiku limene likuyamba kugwira ntchito, ndipo kawirikawiri sakhala nazo. Amakhala ndi mawu amene wina anatumiza pa gulu la tchalitchi, nayenso anawatenga kwa mlamu wake, amene anawamva m'basi ya ku Matero. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Apa ndikulongosola njira imene ine ndimatsata, yoti aliyense wodziwa kuwerenga ndi kuwerengera angathe kuitsata yekha Disembala asanathe.

Muyambe ndi kudziwa chifukwa chake 1 Januwale ndi tsiku lalikulu. Chaka cha ndalama za boma la Zambia chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala. Malamulo aakulu a dziko amati nduna ya zachuma ipereke bajeti ku Nyumba ya Malamulo kusanatsale miyezi yochepera itatu kuti chaka chatsopano chiyambe. N'chifukwa chake mumaona nduna ya zachuma ikukwera ku Manda Hill, kumene kuli Nyumba ya Malamulo, kumapeto kwa Seputembala: a Situmbeko Musokotwane bajeti ya 2024 anaiwerenga pa 29 Seputembala 2023, ya 2025 pa 27 Seputembala 2024. Chaka cha chisankho zimachedwa, popeza nduna imapatsidwa masiku 90 kuchokera tsiku limene Pulezidenti walumbira. Mu 2021 tinavota pa 12 Ogasiti, ndipo bajeti inabwera pa 29 Okutobala. Chaka chotere nthawi yokonzekera imachepa, ndiye musamachedwe kutchera khutu.

Zimene nduna yalankhula pa tsiku la bajeti si lamulo ayi, ngakhale anthu ambiri amazitenga choncho. Nduna imangonena zimene boma likufuna kuchita. Mfundo imeneyi ndimaibwereza chifukwa ndinaona anthu akutaya ndalama. Mu Seputembala 2018, a Margaret Mwanakatwe ali nduna ya zachuma, analengeza kuti VAT ichotsedwa ndipo m'malo mwake mubwera msonkho wina wotchedwa Sales Tax kuyambira Epulo 2019. Kamwala yense anatekeseka. Bambo wina amene ndinkamulembera mabuku analipira mnyamata wa makompyuta kuti asinthe pulogalamu ya patilo, anasindikizanso mabuku atsopano a malisiti. Epulo anafika, tsikulo linasunthidwa. Linasunthidwanso kachiwiri. Pofika Seputembala 2019, nduna yatsopano, a Bwalya Ng'andu, inanena kuti VAT ikhalabe. Mabuku a malisiti aja anathera kukulungira misomali. Bamboyo sanalakwe pofuna kukonzekera, koma anafulumira kuwononga ndalama pa chinthu chimene chinali chisanakhale lamulo.

Choncho tsiku la bajeti mvetserani, pa wailesi kapena pa TV, muli ndi kope ndi cholembera. Lembani zokhazo zimene zikukhudza inu. Ine ndimagawa tsamba patatu: za malonda, za antchito, za pakhomo. Kenako ndimalemba pamwamba ndi zilembo zazikulu kuti ZONENEDWA, ndipo pa tsamba loyang'anana nalo ndimalemba kuti ZASAINIDWA. Chinthu sichichoka patsamba loyamba kupita pa lachiwiri mpaka nditaona pepala lake ndi maso anga.

Zonena za nduna zikamasanduka lamulo zimadutsa m'njira yaitali. Zimalembedwa kukhala bilu. Misonkho ili ndi mabilu ake amene amabwera pafupifupi chaka chilichonse: wosintha lamulo la msonkho wa pa zopeza, wosintha la VAT, wa kasitomu, wa msonkho wogulitsira malo ndi nyumba. Bilu imawerengedwa koyamba m'Nyumba ya Malamulo, kenako imapita ku komiti ya aphungu imene imaitana anthu ndi mabungwe kudzanena maganizo awo. Ikabwerako imawerengedwa kachiwiri, apa ndi pamene aphungu amakangana, kenako amaipenda ndime ndi ndime ndipo angathe kusintha manambala kapena mawu. Ikawerengedwa kachitatu n'kuvomerezedwa imapita kwa Pulezidenti, amene ali ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze. Ikasainidwa imasindikizidwa mu Gazeti ya boma, ili ndi nambala yake ndi chaka chake. Mabilu a misonkho nthawi zambiri amamalizidwa mu Disembala, ena masiku a Khirisimasi enieni, ife tili kalikiliki ndi nkhuku ndi mpunga. Ndiye chifukwa chake Januwale amadzidzimutsa anthu.

Nambala imene nduna inatchula mu Seputembala ingathe kukhala yosiyana ndi imene yasainidwa mu Disembala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu khulupirirani ya m'pepala losainidwa.

Kumene ndimapeza mapepalawo

Sipafunika kudziwana ndi munthu wa m'boma. Pa intaneti, tsamba la Nyumba ya Malamulo limaika mabilu ndi malamulo amene asainidwa, ndipo mungawatsitse pa foni. Pali tsamba lina la ZambiaLII, limene limasonkhanitsa malamulo, ma SI (malamulo ang'onoang'ono olembedwa ndi nduna) ndi zigamulo za makhoti, laulere. A ZRA, bungwe lotolera misonkho, amatulutsa kabuku kofotokoza mfundo za bajeti, ndipo kumayambiriro kwa chaka amatulutsa chikalata chotchedwa Practice Note, chimene chimalongosola zosintha zonse za misonkho pamodzi ndi zitsanzo. Chimenechi ine ndimachisindikiza n'kuchikhoma kukhoma. Ngati intaneti ikukuvutani, Gazeti imagulitsidwa kwa Government Printer, ndipo ku Revenue House, likulu la ZRA, mungafunse ndi pakamwa. Za malipiro a antchito mukafunse ku ofesi ya zantchito. Ofesi ya phungu wa dera lanu nayonso ndi yanu, lowanimo. Safunsa anadya phula.

Mukamafunsa, musamati, "Kodi kuli lamulo latsopano?" Mudzayankhidwa zambirimbiri zosakuthandizani. Muziti, "Ndimagulitsa zinthu za K40,000 pamwezi, ndili ndi antchito awiri, chikusintha kwa ine n'chiyani pa 1 Januwale, ndipo nambala ya lamulo lake ndi iti?" Lembani nambalayo. Munthu amene akukuuzani zoona sangavutike kukupatsani nambala.

Pepala likakhala m'manja

Malamulo athu amalembedwa m'Chingerezi, ndiponso Chingerezi cha maloya, chimene chimatopetsa ngakhale amene anapita patali ndi sukulu. Musachite mantha. Simukufunika kumva liwu lililonse. Ine ndimayang'ana malo ochepa okha, ndipo ndimayamba ndi ndime 1.

Ndime 1 ndiyo imanena dzina la lamulo ndi tsiku loyambira. Fufuzani mawu akuti "shall come into operation on". Pambuyo pa mawu amenewa pamabwera chimodzi mwa zinthu ziwiri. Pangakhale tsiku lenileni, monga 1 Januwale wa chaka chakuti, ndipo malamulo a misonkho ambiri amatero. Kapena pangalembedwe kuti lamulolo lidzayamba pa tsiku limene nduna idzasankhe kudzera mu SI. Zikatero ndiye kuti lamulo lilipo, lasainidwa, koma likugona kaye. Chitsanzo ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma, Access to Information Act. A Hakainde Hichilema analisaina mu Disembala 2023, anthu anasangalala, koma linadzayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, nduna itatulutsa SI yake. Amene anathamangira kukalemba kalata mu Januwale anali asanakhale ndi pogwira. Ngati ndime 1 sikutchula tsiku lililonse, ndiye kuti lamulolo layamba tsiku limene latuluka mu Gazeti.

SI ndi lamulo laling'ono limene nduna imalemba ndi mphamvu imene yapatsidwa ndi lamulo lalikulu. Silidutsa m'kuwerengedwa katatu kuja, choncho limatha kubwera mwezi uliwonse, mwamsanga. Amene munali mu Lusaka kumayambiriro kwa 2018 mukukumbukira nthawi ya kolera, pamene misika inatsekedwa ndipo ogulitsa m'misewu anachotsedwa. Chaka chomwecho panatuluka SI nambala 12 yokhwimitsa za malonda a m'misewu ndi ukhondo. Kwa ife anthu wamba, ma SI ndi amene amatifika pakhosi msanga kuposa malamulo aakulu, chifukwa mitengo ya ziphaso, malipiro ochepetsetsa ndi zindapusa zimakhala mmenemo.

Mukachoka pa ndime 1 pitani pa ndime ya matanthauzo, kawirikawiri imakhala yachiwiri. Apa ndi pamene mumadziwira ngati lamulo likunena za inu. Liwu loti "wolemba ntchito" lingathe kukhudza inu amene muli ndi mtsikana m'modzi wolera mwana, ngakhale simumadziona ngati bwana. Kenako muziyang'ana timawu tiwiri, "shall" ndi "may". Koyamba kakutanthauza kuti mulibe kuchitira mwina, kachiwiri kakutanthauza kuti mungathe ngati mwafuna. Ndaonapo anthu akukangana ola lathunthu pa nkhani imene kaliwu kamodzi kameneka kakanaithetsa.

Chovuta china n'chakuti malamulo ambiri a Januwale ndi osintha akale. Mukawatsegula mumangopeza kuti mu ndime yakutiyakuti chotsani mawu awa, ikani awa. Paokha samveka. Muyenera kutsitsanso lamulo lakalelo n'kuika awiriwo pambali ndi pambali, ngati telala akuyerekeza chigamba ndi malaya. Ndipo musaiwale masamba akumapeto. Manambala enieni, mitengo ndi magulu a malipiro, amakhala m'mandandanda a kumapetoko, komanso kumeneko ndi kumene kumalembedwa ngati mwapatsidwa miyezi ingapo yoti musinthire zinthu.

Zindapusa zambiri sizilembedwa m'makwacha. Zimalembedwa m'mayunitsi, monga mayunitsi 5,000. Kuti mudziwe ndalama yake, chulukitsani ndi mtengo wa yunitsi imodzi. Mu 2024 mtengowu unakwera kuchoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee. Ndiye kuti chindapusa cha mayunitsi 5,000 chinachoka pa K1,500 n'kufika pa K2,000 popanda liwu limodzi kusintha m'lamulo lenilenilo. Ziphaso zambiri za boma zimawerengedwa m'njira yomweyo.

Tsopano tengani cholembera muwerengere zanu

Apa ndi pamene ndimakhalitsa ndi munthu aliyense, chifukwa peresenti imene yanenedwa pa wailesi simveka kulemera kwake mpaka mutaiika pa ndalama zanu.

Tiyambe ndi malonda. Ambiri mwa amene ndimawalembera amalipira msonkho wa pa zogulitsa zonse za pamwezi, umene a ZRA amautcha Turnover Tax. Mpaka Disembala 2024 unali 4 peresenti, wa anthu amene malonda awo sapitirira K800,000 pachaka. Pa 1 Januwale 2025 unakwera kufika pa 5 peresenti, ndipo malire anakwera kufika pa K5 miliyoni. Mayi wa golosale wa ku Chawama atamva anati, "Aa, amayi, peresenti imodzi yokha, si kanthu." Tinakhala pansi. Amagulitsa pafupifupi K40,000 pamwezi. Pa 4 peresenti msonkho unali cha m'ma K1,600, pa 5 peresenti cha m'ma K2,000. Kusiyana kwake K400 pamwezi, K4,800 pachaka. Anakhala chete, kenako anati imeneyo ndi lendi ya sitolo ya miyezi iwiri. Kumbukirani kuti msonkho umenewu umatengedwa pa zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu. Ngati pa thumba la shuga mumapindula pang'ono, peresenti imodzi ingadye gawo lalikulu la kaphinduko. Tinatenga kope la mitengo n'kuyang'ana chinthu chimodzichimodzi, kuti ndi ziti angakweze ndi kakhobidi osathamangitsa makasitomala, ndi ziti angasiye kuoda.

Ineyo pa nkhani yomweyi ndinalakwitsa, ndipo ndikunena kuti inu musadzatero. M'kope limene ndimawerengera misonkho ya makasitomala ndinali nditalemba 4 peresenti pamwamba pa tsamba lililonse kuyambira kale. Kumayambiriro kwa Febuluwale 2025, powauza ndalama zoti akonze za mwezi wa Januwale, atatu ndinawawerengera ndi nambala yakale. Tsiku lolipira litayandikira ndi pamene ndinaona kuti ndalama zikuperewera, ndipo ndinachita kuwaimbira foni m'modzim'modzi kuti awonjezere, wina atagula kale katundu ndi ndalama yotsalayo. Zinandipweteka chifukwa anthu amenewa amandikhulupirira. Lamulo ndinkalidziwa, koma dzanja linatsata chizolowezi. Kuchokera pamenepo, pa 31 Disembala ndimakhala pansi n'kufufuta nambala yakale paliponse pamene yalembedwa: m'kope, mu kompyuta, pa kapepala ka kukhoma.

Za antchito nazo zimasintha kawirikawiri mu Januwale. Malipiro amene sadulidwa PAYE, msonkho wa pa malipiro, anali K4,000 pamwezi mu 2021, K4,500 mu 2022, K4,800 mu 2023, ndipo anafika K5,100 mu 2024. Wantchito wolandira K6,000 ankadulidwa K240 mu 2023, chifukwa K1,200 yapamwamba inkadulidwa 20 peresenti. Mu 2024 yapamwamba inatsala K900, msonkho n'kukhala K180. K60 imeneyo ndi ya wantchitoyo. Ngati inu olemba ntchito mupitiriza kudula ndi manambala akale, mukumudyera. Ndipo inu olembedwa ntchito, pepala la malipiro la Januwale musamangoliponya m'thumba, liyerekezeni ndi la Disembala mzere ndi mzere. Za penshoni ya NAPSA zimakhala 5 peresenti ya wantchito ndi 5 peresenti ya bwana, koma malire apamwamba a chopereka amasintha chaka ndi chaka, choncho amalipiro aakulu aziyang'ana chilengezo cha Januwale. Za NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, ndi 1 peresenti uku, 1 peresenti uku.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa antchito a m'nyumba, chifukwa ambiri a ife a kum'mawa tili ndi mwana wa achibale amene anabwera ku Lusaka kudzagwira ntchito yotere, ndipo enanso a ife ndife olemba. Kuyambira 2018 malipiro ochepetsetsa a wantchito wa m'nyumba anali K993.60. Kumapeto kwa 2023 nduna ya zantchito, a Brenda Tambatamba, inatulutsa ma SI atsopano, ndipo kuyambira 1 Januwale 2024 anakhala K1,300 pamodzi ndi ya basi. Ogwira ntchito m'masitolo nawo malipiro awo anakwera tsiku lomwelo. Mu Malichi chaka chimenecho kunabwera mtsikana wa kwathu ku Katete, amagwira ntchito m'nyumba ina ku Woodlands. Anaima pakhomo, manja kumbuyo, anati, "Azakhali, ndamva kuti ndalama zinakwera, koma ndikuopa kufunsa, angandichotse." Ndinamusindikizira tsamba limodzi lokha la SI, pamene pali nambala ndi tsiku. Ndinamuuza kuti asapite ndi ukali, adikire madzulo abwana atadya, agwade monga tinaleredwera, n'kunena kuti, "Amayi, ndapatsidwa pepala ili, ndati mulione." Anachita zomwezo. Abwana akewo sankadziwa n'komwe. Anamuwonjezera, n'kumupatsanso zotsalira za Januwale ndi Febuluwale. Si onse amene amamva chotero, ndikudziwa, ndipo amene akana ofesi ya zantchito ilipo. Koma pepala limalankhula pamene pakamwa pa mwana wamasiye pakunjenjemera.

Inu amene mumalemba wantchito wa m'nyumba, musadikire kuti akupempheni. Lamulo likayamba pa 1 Januwale, ngongole yanu imayambanso tsiku lomwelo, mudziwe musadziwe.

Pakhomo paliponso zowerengera. Pa 1 Januwale 2024 panayamba kamsonkho ka potumizirana ndalama pa foni, kuyambira 8 ngwee mpaka K1.80 malinga ndi kuchuluka kwa ndalama, wolipira ndi wotumiza. Mu 2025 kanawirikizidwa kawiri. Kamaoneka kochepa, koma amene amatumiza kangapo patsiku, kwa ooda tomato ku Soweto, kwa mwana kusukulu, kwa agogo kumudzi, akawerengera pamwezi amaona kuti ndi bwino kuphatikiza n'kutumiza kamodzi. Amene mukufuna kugulitsa puloti kapena nyumba, yang'anitsitsani bilu ya msonkho wogulitsira malo. Pa 1 Januwale 2025 unachoka pa 5 peresenti kufika pa 8 peresenti. Pa puloti ya K300,000 ndiye kuti K15,000 inasanduka K24,000. Amene anawerenga bilu mu Novembala anathamangitsa mapepala awo chaka chisanathe. Amene anamva mu Febuluwale anangogwira pakamwa.

Ziphaso za khonsolo ndingozidutsa mwachangu. Tsitsani zimene zili m'mafelemu kukhoma la sitolo, cha malonda, cha zamoto, cha zaumoyo, muone tsiku lotha. Za makasitomala anga ambiri zimatha pa 31 Disembala. Pitani ku Civic Centre mukafunse mitengo ya chaka chatsopano mizere isanatalike. Chitani chimodzimodzi ndi msonkho wa galimoto ku RTSA, ndi mapepala a pachaka a ku PACRA, kolembetsera makampani, ngati bizinesi yanu inalembetsedwa.

Si malamulo onse amene ali a ndalama

Ntchito yanga ndi ya manambala, koma lamulo limene linandikhudza mtima kwambiri m'zaka zimenezi silinali la msonkho. Mu Disembala 2023 panasainidwa lamulo losintha la maukwati, limene linanena kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 si ukwati, ngakhale utamangidwa mwamwambo, ankhoswe atakhala pansi, chimalo chitaperekedwa. Kale anthu ankabisala kumbuyo kwa mwambo, kuti malamulo a m'tauni safika ku ukwati wa kumudzi. Mpata umenewo unatsekedwa. Ine ndinakulira ku Katete, ndipo anzanga awiri amene tinkakhala benchi limodzi ku pulayimale anakwatiwa tisanalembe mayeso a Giredi 7. Mmodzi anamwalira pobereka mwana woyamba. Ndikapita kumudzi pa Khirisimasi ndimanyamula tsamba la lamulo limeneli m'chikwama pamodzi ndi shuga ndi sopo, ndipo ndimaliwerengera azimayi m'Chichewa tikakhala pamphasa. Amalume ena anandiuza kuti, "Mwana wa mlongo wanga, zimenezo n'za ku Lusaka." Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Amalume, Gazeti imene inasintha ndalama zathu mu 2013 n'kuchotsa maziro atatu inafika mpaka kuno, ndipo munalandira ndalama zatsopano. Iyinso ndi Gazeti yomweyo." Sanayankhe, koma anapempha kuti ndiwasiyire pepalalo.

Malamulo otere sadikira Januwale. Chilango cha imfa ndi mlandu wonyoza Pulezidenti zinachotsedwa pa 23 Disembala 2022. Malamulo awiri atsopano a za pa intaneti anasainidwa mu Epulo 2025, ndipo aliyense amene amalemba kapena kutumiza zinthu pa Facebook ndi WhatsApp ayenera kuwawerenga. Choncho tsamba lija la ZASAINIDWA lisamatsekedwe chaka chikayamba. Ine ndimatsegula tsamba la Nyumba ya Malamulo Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, mphindi khumi zokha, kuona ngati pali chatsopano.

Pali chitonthozo chimodzi chimene anthu amantha ndimawauza. Malamulo aakulu a dziko salola kuti munthu apezeke wolakwa pa mlandu chifukwa cha chinthu chimene pa nthawi imene ankachichita sichinali mlandu. Lamulo loyamba pa 1 Januwale silingakumangeni chifukwa cha zimene munachita mu Novembala. Koma kuyambira tsiku limenelo, kunena kuti "sindinamve" sikungakupulumutseni m'khoti kapena pa kauntala ya msonkho.

Mawu anu ali ndi nthawi yake

Ambiri timadandaula mu Januwale, pamene chitseko chatsekedwa kale. Nthawi yolankhula ndi pamene bilu ili ku komiti, ndiponso m'katikati mwa chaka pamene unduna wa zachuma umaitana anthu kuti atumize maganizo awo pa bajeti ikubwerayo. Kalata sifunika loya. Mulembe kuti ndinu ndani, mumachita malonda anji, ndime yakuti ikukhudzani motani, ndipo muikepo manambala anu enieni. Mukakhala gulu, monga komiti ya pamsika kapena bungwe la amasaluni, kalatayo imalemera. Zokambirana za aphungu zimaulutsidwa pa wailesi ya Nyumba ya Malamulo, ndipo masana a Novembala ndimaitsegula pansipansi ndikugwira ntchito, kuti ndimve bilu imene yafika pa kuwerengedwa kachiwiri.

Mlungu womaliza wa Disembala umayenda chonchi kwa ine. Ndimatsitsa malamulo onse amene asainidwa, n'kusamutsa mfundo kuchoka patsamba la ZONENEDWA kupita pa la ZASAINIDWA, chilichonse ndi nambala yake ndi tsiku lake. Zimene sizinasainidwe ndimazisiya pomwepo, sindiuza munthu kuti asinthe kanthu. Kenako ndimaimbira kasitomala aliyense ndi kumuuza zake zokha, m'makwacha osati m'maperesenti. Amene ali ndi antchito ndimawapempha kuti awaitane pa tsiku loyamba lotsegula, awauze chimene chasintha pa malipiro awo asanachione okha papepala. Amene ayenera kukweza mitengo ndimawalangiza kulemba chikwangwani chaching'ono pakauntala masiku angapo zisanachitike, popeza kasitomala wouzidwa amadandaula n'kugula, koma wodzidzimutsidwa amapita kwa oyandikana nawo.

Pomaliza ndimatenga kalendala yatsopano, ija timapatsidwa ndi ogulitsa katundu wa holoselo, n'kuzunguliza masiku a Febuluwale ndi cholembera chofiira, chifukwa ndi mwezi umene manambala atsopano amalipiridwa koyamba. Pa 10 ndi PAYE ndi NAPSA za malipiro a Januwale. Pa 14 ndi msonkho wa pa zogulitsa. Pa 18 ndi VAT kwa amene analembetsa. Pambali pa tsiku lililonse ndimalemba peresenti yatsopano ndi zilembo zazikulu, ndipo kalendalayo ndimaipachika pamsomali umene uli moyang'anana ndi mpando wanga.